Posemera Mabwato: Mbiri Yathu Yosalembedwa M'kaundula

Komiti yokonza kabuku kano ka zaka khumi za kopaletivi yathu itandipempha kuti ndilembeko mbiri ya dera lathu, inkayembekezera nkhani ya mpunga, ya thonje, mwinanso ya misika. Zimenezo anzanga azilemba kale m'masamba ena, ndipo azilemba bwino. Ine ndasankha malo amene sapezeka m'kaundula wathu ngakhale pa mapu a boma, koma amene aliyense wa ife, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua, mpaka ku Mtakataka, anawadutsapo. Ndikunena posemera mabwato.

Mukuwadziwa malowa, alimi anzanga. Palibe mpanda, palibe chikwangwani. Ndi pamthunzi chabe, m'mbali mwa mtsinje kapena pafupi ndi pomwe mtsinjewo wathirira m'nyanja, pamene padzaza zibenthu za mtengo moti phazi silikhudza dothi. Chipika chagona pa timitengo tiwiri, china chatsala pang'ono kutha, pambali pali bwato lakale lovundikira likudikira chigamba. Ogwira ntchito pamenepo si anthu a pafakitale ayi. Ambiri ndi alimi ngati inu ndi ine, ena ndi mamembala a kopaletivi yomwe ino. Dzinja ali kumunda. Akakolola n'kulonga m'nkhokwe, amatenga nsompho. Palibe anapita kusukulu ya zimenezi. Anaphunzira pokhala pambali pa atsibweni awo, potumidwa kukanola nkhwangwa, pokalipiridwa akapotoza dzanja.

Kodi malo oterewa ali ndi phindu lanji ku mbiri yathu, ndipo bungwe la alimi lizitayiranji nthawi kuwaganizira? Tiyambe tayang'ana mmene dziko lathu linagonera. Kumadzulo kuli mapiri, aja amanunkhitsa mabuleki a galimoto potsika pa Khwekhwerere. Kum'mawa kuli nyanja, mbali yake yosaya, ya bango ndi matope, momwe nsomba zimaswana. Pakati pake ndi ife, m'chigwa chodulidwadulidwa ndi mitsinje: Nadzipulu, Nadzipokwe, Namikokwe, Livulezi, Bwanje. Mitengo ikuluikulu inkamera m'mbali mwa mitsinje imeneyi ndi m'tsinde mwa mapiri, pomwe nsomba zinali kumunsi. Bwato ndi limene linkakwatitsa ziwirizi. Mtengo wa kumtunda unkatsika kukagwira ntchito pamadzi, nsomba youma n'kukwera phiri pamutu kukasinthidwa ndi nyemba ndi chimanga kumtunda kwa Dedza.

Ndipo chigwa chino si malo wamba m'mbiri ya Achewa. Pa Mankhamba, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipulu kuno ku Mtakataka, ndi pamene panali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Dr Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa, zitsulo ndi minyanga ya njovu yomwe anthu ankasema pomwepo. Buku lawo lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020. Tangoganizani: mzinda waukulu chotero, wa malonda ofika kutali chotero, uli pakati pa mitsinje yodzadza chaka ndi chaka, nyanja ili poteropo. Anthu ake ankawoloka bwanji? Ndiwo ankazipeza bwanji? Koma bwato simungalipeze m'dothi ngati mmene mupezera mkanda. Mtengo umaola, chiswe chimadya, chotsala amayi amawaza nkhuni. Mbiya ya zaka mazana anayi mutha kuinyamula m'manja lero. Bwato la zaka zomwezo linabwerera kudothi kalekale. Chimene chinapulumuka ndi luso lokha, kuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo, ndipo luso limenelo nyumba yake ndi paja pa zibenthu.

Zombo za alendo ndiye zili ndi madeti ake, bwinobwino. Cha m'ma 1840 Jumbe, Mswahili wa malonda a minyanga ndi akapolo, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo mu 1863 David Livingstone anapeza anthu ake akukhoma chombo cha thanga chowolotsera katundu ndi anthu ogwidwa kupita kutsidya. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anabwera ndi sitima ya Ilala yoyamba. Itafika pa mathithi a Shire anaiphwasula, amtengatenga mazanamazana n'kusenza zidutswazo pamutu, kukailumikizanso kumtunda, ndipo inalowa m'nyanja mu Okutobala chaka chomwecho kupita ku Cape Maclear, kutsidya kwa madzi athu omwewa. Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, n'kudzalumikizidwa kuno, n'kuyamba kuyandama mu 1901. Njanji inadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka kukafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935. Ilala imene tikuidziwa ifeyi inapangidwa ku Scotland, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951.

Onani bwino mndandandawo. Sitima zachitsulo zonsezi zinabadwira kunja. Ife tinasenza ndi kumanga mabawuti. Chombo chokha chimene nzeru zake, mtengo wake ndi chida chake zonse n'zapano ndi bwato. Ndipo ngakhale sitimazo, pamadooko opanda mlatho wokochezera zimaima patali, anthu ndi katundu n'kumatsikira m'timaboti ndi m'mabwato. Gombe lathu losayali sitima yaikulu silidziwa n'komwe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Angoni a Kachindamoto anatsika phiri kudzakhazikika kuno ku Mtakataka atamenyana ndi abale awo a kwa Gomani. Anali anthu a ng'ombe ndi chishango, osati a nkhafi. Ayao nawo anali atafika kale m'mbali mwa nyanja. Lero mukapita padooko simungasiyanitse kuti uyu agogo ake anali Mngoni, uyu Mchewa, uyu Myao. Onse amapalasa chimodzimodzi. Pali malo ochepa amene anasakaniza mitundu yathu mwakachetechete ngati posemera mabwato, chifukwa nsompho sifunsa mfunda. Wina amati atsibweni, wina amati amalume, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Mmene bwato limabadwira

Ntchito imayambira kutchire, mtengo usanagwe. Mmisiri amauzungulira kangapo, amaugogoda ndi msana wa nkhwangwa kumvetsera ngati mkati muli mphako, amayang'ana pomwe nthambi yoyamba yatulukira chifukwa pamenepo ndi pothera bwato. Amaonanso komwe wapendekera, pakuti mtengo ukagwera pamwala kapena kudumpha chigwembe umang'aluka mkati osaonekera kunja, ndipo mng'alu umenewo mudzauona patapita milungu, thukuta litatayika kale. Mitengo imene akuluakulu ankaitama ndi mbawa ndi chonya, yonse ya m'mbali mwa madzi, yowongoka, yosaola msanga. Kunalinso mtondo ndi mlombwa ukapezeka wonenepa. Nsangu ndi wofewa, umasemeka msanga, koma sukhalitsa ngati anzakewo.

Mtengo sunali wongodzidulira. Unkapempha kwa amfumu, ndipo akuluakulu amati ena ankayamba athira ufa patsinde kupepesa eni nthaka. Amatinso mmisiri ankadika masiku onse a ntchitoyo, osayandikira kumphasa, monga ankachitira osula zitsulo ndi alenje, kuopa kuti bwato lingang'aluke kapena kudzamiza munthu. Kaya inu mumazikhulupirira kaya ayi, taonani chimene malamulowa ankachita: mtengo waukulu sunkagwa mwachisawawa, ndipo wougwetsa ankadziwa kuti mudzi wonse ukumuona.

Ukagwa, amayamba ausadza n'kuudula msinkhu wake. Kenaka amaugubuduza kufuna mbali yoti ikhale pansi. Apa m'pamene pagona nzeru, chifukwa chipika chilichonse chili ndi mbali yolemera, ndipo ukalakwitsa bwato limayenda chopendekera moyo wake wonse ngati munthu wopweteka m'chiuno. Akapeza msana, amasalaza pamwamba, n'kulemba ndi khala mizere iwiri ya pakamwa.

Pakamwa pa bwato la kunyanja kuno m'popapatiza, pomwe mimba ndi yotakata. Alendo amadabwa kuti bwanji sitikulitsa kuti munthu akhale bwino mkati. Yankho lili ndi mwera. Milomo yopindikira mkatiyo imabweza funde kuti lisalowe lonse, n'chifukwa chake wopalasa amakhala pamwamba, miyendo yokha ili mkati. Koma kwa wosema, kamwa laling'onolo ndi chilango. Ayenera kukumba mimba yonse kudzera pampata woti mwendo ungolowa, nsompho ikugwira ntchito kumene diso silifika bwino. Nkhwangwa imatema mipatamipata, nsompho yaikulu imachotsa zibenthu, kasemasema n'kumalizitsa m'mbali. Alibe tepi yoyezera kuchindikala kwa khoma. Amaika chikhato china mkati, china kunja, n'kumva. Amagogoda n'kumvetsera kulira kwake: pochindikala pamalira mogonthera, popyapyala pamalira mokweza. Pansi amasiya pochindikala kuti bwato likhazikike pamadzi ndiponso lipirire kukwekweseka pamchenga, m'mbali amapepuza. Kutsogolo amasongola mokweza pang'ono kuti lizidula funde. Kulakwitsa kamodzi kokha, nsompho n'kutulukira kunja, ndiye kuti bwato layamba moyo wake ndi chigamba, ndipo dzina la mmisiri latsika padooko lonse.

Zimenezi simungazilembe m'buku munthu n'kuziphunzira. Ine ndazilemba apa, inu mwawerenga, koma tonse awiri atatipatsa chipika mawa titha kungopanga mtondo wosinjira. Kulira kwa khoma la bwato kumaphunziridwa ndi khutu, pamalo pomwe wina akugogoda. Ndiye mwana amene amangokhala pambali kutola zibenthu zokakolezera moto, musamuthamangitse, ali m'kalasi.

Nthawi zambiri chipika ankachipepuza kutchire komweko, kenaka n'kuchikokera kumtsinje kukamalizira. Tsiku lokoka linali la mudzi wonse. Mwini bwato ankafulula mowa kapena thobwa, amuna n'kumanga zingwe za luzi, kuyala timitengo pansi kuti chizigubuduzika, wina akutsogolera nyimbo kuti mphamvu zigwere pamodzi. Amayi ankatsatira ndi madzi ndi chakudya. Palibe ankalipidwa ndalama. Ankadziwa kuti chaka chamawa chokokedwa chidzakhala chawo. Ife a kopaletivi timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo alangizi anatiphunzitsa za masheya ndi malamulo a bungwe ngati kuti kugwirira ntchito pamodzi kunabwera ndi satifiketi ya ku unduna. Iyayi. Dima la kumunda ndi chingwe chokokera bwato zinatiphunzitsa kale. Satifiketi inangobwera kudzatipeza.

Mitsinje ndi imene inkasankha malo omalizira ntchitoyi. Pamafunika mthunzi kuti mtengo usaume mofulumira n'kuchita ming'alu, madzi apafupi oyesera bwato, ndi njira yotsetsereka yokafikira kunyanja. N'chifukwa chake posemera pamakhala chakumunsi kwa mtsinje. Ndipo malowa amasuntha, popeza nyanja yathu sikhala malo amodzi. Cha m'ma 1915 inaphwa kwambiri moti Shire analeka kutuluka bwino m'nyanjamo mpaka cha m'ma 1935. Mu 1980 inadzaza kufika pomwe anthu anali asanaonepo, ndipo mu 2024 tonse tinaona madzi akulowa m'minda ndi m'nyumba za m'mbali mwa gombe. Gombe likasuntha, amisiri amanyamula zida zawo m'thumba n'kukapeza mthunzi wina. Cholowa chotere simungachimangire khoma la njerwa n'kunena kuti mwachisunga.

Pa mfundo imeneyi tili ndi chitsanzo pakhomo pathu pomwe. Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, m'mbali mwa Nadzipokwe, ndipo ukalipentala unakhala imodzi mwa ntchito zodziwika za pamishonipo. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni, pomwe osemasema a m'midzi yathu anapeza pogwirira ntchito, pophunzitsana ndi pogulitsira. Nyumba ya Chamare inasonkhanitsa zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo lero ziboliboli za ku Mua zili m'matchalitchi ndi m'nyumba za maiko akutali. Chimene chinapulumutsa luso limenelo si nyumba yosungiramo zinthu yokha ayi. Ndi chakuti mkulu ndi mnyamata anapatsidwa malo okhalira pamodzi tsiku ndi tsiku, mtengo uli pakati pawo. Wosema bwato amagwira kasemasema yemweyo, dzanja lake ndi lomwelo, koma chifukwa chosema chake chimanunkha nsomba m'malo mokhala pa guwa, palibe anaganizapo kuti nayenso ndi mmisiri wa chikhalidwe. Boma lathu la Dedza lili ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006, gule wamkulu anamulemekeza mu 2005. N'zonyaditsa. Koma mapanga a Chongoni adzakhalapobe ngakhale tonse titaiwala njira yake, pomwe luso la bwato likadumpha m'badwo umodzi basi, lapita.

Mitengo inapita kuti?

Funsani mmisiri aliyense chimene chikumuvuta, sanena za msika. Ofuna mabwato alipo ambiri. Anena za mtengo. Mbawa woti amuna awiri alephere kuukumbatira, lero mukaupeza kuti? Kumanda, mwina, kumene nkhwangwa siloledwa, kapena mkati mwa nkhalango ya boma ya Mua-Livulezi, yomwe inatetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, silola kudula mitengo yachilengedwe m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo mbawa ndi mlombwa zili m'gulu la mitengo imene boma limaiyang'anitsitsa. Choncho amisiri atembenukira ku mango, malaina, bulugamu, chilichonse chonenepa. Bwato la mango limatha zaka zowerengeka n'kuyamba kumwa madzi; la mbawa munthu ankalisiyira mwana wake. Mabwato alero ndi aang'ono, opotoka, odzaza zigamba za malata ndi za zigubu zapulasitiki, ndipo mnyamata wokapa madzi sapuma.

Pali ena amaloza chala amisiriwa kuti ndiwo anatha mitengo. Tinene zoona pamenepa, pakuti kabuku kano n'kathu. Wosema bwato amadula mtengo umodzi, n'kukhala nawo milungu, chotulukapo n'kugwira ntchito zaka. Ali ndi gawo lake, sindikana, chifukwa amasankha waukulu kwambiri, womwe ukanabala mbewu. Koma sitima zakale zija zinkayendera nkhuni za m'mbali mwa nyanja. Minda ya thonje inatsegulidwa m'chigwa chino ndi nkhwangwa. Mauvuni a njerwa, ocheka matabwa, matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu wa M5 kudikira magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ngakhalenso nkhuni zowambira nsomba, zonsezi zadya nkhalango kuposa nsompho. Ndipo ife alimi, ife amene, talima madimba mpaka khasu kugwera m'madzi. Mitengo ya bwato ndi ya m'mphepete mwa mtsinje, pomwe ife timafuna kubzala tomato ndi chimanga chachiwisi. Pamene panayenera kumera chonya wa mawa, pali bedi la mpiru.

Malipiro ake tikuwaona tokha. Mtsinje wopanda mizu m'mbali umagumula gombe, umasenza mchenga wa kuphiri n'kudzautaya m'minda ndi m'ngalande. Amene amalima mu sikimu ya Bwanje, ija ya mahekitala 800 yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan potenga madzi mu Namikokwe, akudziwa masiku amene amathera kufukula mchenga m'ngalande m'malo mopalira mpunga. Mpasa ndi sanjika, nsomba zokwera mitsinje kukaswana pamiyala yoyera, sizingaikire mazira pamatope. Ndiye onani: mtengo umene wosema akuusowa ndi womwewo umene ngalande yathu ikuusowa. Vuto lake ndi lathu ndi limodzi, kungoti iye analiona msanga.

Maboti a matabwa anabwera kudzathandiza mbali ina. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, kumene kuli sukulu ya zausodzi, boma linakhazikitsa malo okhomera maboti, ndipo luso limenelo linafalikira m'madooko. Boti limafuna matabwa, osati chipika chathunthu, limanyamula zambiri, limalola injini. Akalipentala a m'midzi analiphunzira mwa njira yakale yomweyo: kuyamba n'kukonza lothyoka, kuchotsa thabwa loola, kuona mmene nthiti zakhalira pamsana, kutseka mipata ndi thonje ndi phula, mpaka tsiku lina munthu wolimba mtima n'kuyala msana wa boti lakelake pansi pa mtengo. Ambiri amakhomera pomwe paja posemera mabwato, moti utuchi wa sowo wasakanikirana ndi zibenthu za nsompho. Ine sindiona kuti boti ndi mdani wa bwato. Pitani mukaone usodzi wa chilimira usiku: boti lanyamula ukonde ndi anthu, koma nyali zoitanira usipa zili pabwato. M'bango, m'madambo a mpunga, m'mitsinje yosaya, boti la injini silingalowe. Komanso mtengo wake wa boti ndi injini, mlimi wa ekala imodzi angaukwanitse?

Sindikuti bwato ndi chinthu chosalakwa. Lamiza anthu, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse wa kugombe uli ndi maliro amene umakumbukira mwera ukayamba. Nyanja iyi siseka ndi munthu. Inamiza ngakhale Vipya, sitima yachitsulo yatsopano, mu 1946, anthu oposa 140 n'kutha. Koma bwato loopsa kwambiri ndi lija losemedwa ndi wosadziwa, pa mtengo wosayenera, chifukwa woyenera kulibe. Luso likamatsika, ngozi zimakwera.

Gawo la ife alimi

Mwina wina akuti, izi n'za asodzi, ife zikutikhudza pati? Amayi ndi abambo, m'chigwa chino mzere wolekanitsa mlimi ndi msodzi ndani angaujambule? Nyumba zingati zimagula feteleza ndi ndalama ya usipa? Amayi angati mwa mamembala athu amene sheya yawo yoyamba inachokera pa beseni la nsomba? Mvula ikakula, Livulezi kapena Bwanje atasefukira, mpunga uli tsidya lina, wodwala ali tsidya lino, chimene timafuula ndi dzina la mwini bwato. Nthawi imeneyo palibe amafunsa ngati ali ndi chiphaso.

Ndiye pali nsangu, mtengo umene umatigwirizanitsa koposa yonse. Mukuudziwa khalidwe lake lachilendo: umayoyola masamba dzinja pamene ina yonse ikuphuka, n'kuphuka chilimwe. Chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa nthawi imodzi, mbuzi ndi ng'ombe zimadya zipatso zake mwezi wa njala ya ziweto. Chigwa chathu ndi kwawo kwa nsangu. Makolo ankausiya m'munda dala, ukakalamba n'kupereka bwato. Mtengo umodzi unkadyetsa munda zaka makumimakumi, pomaliza n'kupita kunyanja kukagwira ntchito yachiwiri. Lero tikudula yaikulu osasiya yaing'ono, popeza khasu ndi pulawo zimazula timitengo tongomera kumene. Kungophunzitsa ana athu kuzindikira kansangu kakang'ono n'kukalambalala popalira, ndalama yake ndi zero.

Chovuta ndi nthawi. Kopaletivi yathu yakwanitsa zaka khumi ndipo tikuvina, n'koyenera. Koma mbawa wobzalidwa tsiku lomwe tinalembetsa bungweli lero ndi mtengo woti mwana aukumbatire ndi manja ake. Kuti ufike pobala bwato pafunika zaka makumi angapo, ambiri a ife titagona. Munthu payekha zimamuvuta kubzala chimene sadzadya, makamaka pamalo pomwe akanakolola tomato miyezi itatu. Bungwe ndiye lingathe, chifukwa bungwe silikalamba ngati munthu; mamembala amasinthana, kaundula amakhalapo. Pa zinthu zonse zimene kopaletivi ingachite zomwe mlimi mmodzi sangachite, ichi n'chimodzi, ndipo sichifuna ngongole ya kubanki.

Lamulo la 1997 lija limalola mudzi, kudzera mwa amfumu, kupatula nkhalango yakeyake ndi kuika komiti yoiyang'anira. Makomiti a m'madooko nawo alipo kale pansi pa lamulo la zausodzi la chaka chomwecho. Chosowa ndi woti awakhazike pamphasa imodzi ndi alimi a madimba, ndipo ife tili ndi mamembala mbali zonsezo. Maganizo anga ndi akuti kalabu iliyonse yomwe minda yake yagunda mtsinje ipite kwa amfumu kukapempha kuti kamzere ka m'mphepete kasiyidwe, tibzalemo mbawa ndi chonya, ndipo zilembedwe poyera kuti mwa mitengo imeneyo ina ndi ya mabwato, yodzadulidwa ndi chilolezo, umodzi ukagwa ina ingapo n'kulowa m'malo. Mukangoti "osadula" basi, anthu adzadula usiku. Mukati "uwu ndi wa bwato la mudzi uno", mudzi womwewo udzaulondera. Alipo adzadandaule kuti tawalanda mizere iwiri ya dimba, ndipo dandaulo lawo n'lomveka, pakuti ena dimbalo ndiye chakudya chawo chonse. Nkhani imeneyo tiikambe maso ndi maso, tione mmene bungwe lingawapepukitsire, kaya ndi mbewu kaya ndi malo m'ngalande.

Malo osemerawo nawonso akufunika mawu a amfumu. Gombe likugulidwa masiku ano. Mipanda ya malo ogona alendo ndi nyumba za anthu a m'tauni ikutsika mpaka kumadzi m'madera ambiri a nyanja ino, ndipo mthunzi wopanda pepala ndi umene umayamba kupita. Sitikupempha nyumba. Tikupempha kuti mudzi uliwonse wa kudooko udziwe, ndi kulemba, kuti pamtunda wakutiwakuti mpaka kumadzi ndi pa amisiri, nyanja ikwere kapena itsike. Achinyamata athu a mafoni aja, m'malo mojambula zovina zokha, apite akajambule nkhalamba zikusema, azifunse maina a zida, maina a mbali za bwato, mitengo imene ankadula ndi kumene inali. Aphunzitsi a m'sukulu zoyandikira atengereko ana kamodzi pa teremu. Ndipo mmisiri amene wavomera kusunga mnyamata mmodzi kapena awiri chilimwe chonse, kopaletivi ingamuthandize ndi thumba la mpunga. Timawononga zoposa pamenepo pa zakumwa za msonkhano umodzi.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Kuti tidzakhale ndi mbande zoti tiwokere nthawi imeneyo, njere za mbawa ziyenera kutoledwa ndi kufesedwa m'machubu chilimwe chisanathe, ndipo sizichedwa kufa mphamvu zikasungidwa nthawi yaitali. Amene akudziwa pomwe patsala mbawa kapena chonya wobala, kaya ndi kumanda kaya ndi kumunda kwa wina, akauze wapampando wa kalabu yake, kuti tikapemphe kwa eni ake mwaulemu nthawi ikadalipo. Nazale tingaiike kuseri kwa nyumba yathu yosungiramo mbewu, pafupi ndi mjigo. Ndapempha alembi kuti nkhani ya mizere ya m'mphepete mwa mitsinje ailowetse pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano waukulu ukubwerawu, ndipo amisiri a mabwato amene si mamembala tidzawaitane adzakhale nawo, adzayankhule okha.